Tsiku Limene M'sitolo Munapezeka Wothandiza

Nzeru yonse inabadwira patebulo lakumapeto m'bala, Lachitatu masana, nthawi imene anthu aulemu wawo amakhala ali kuntchito. Ine ndine telala, ndipo makina anga ali pakhonde la bala lomwelo, pansi pa zenera lopanda galasi. Ndiye musandifunse kuti ndinamva bwanji. Munthu amasoka ndi manja ndi miyendo, makutu amakhala alibe chochita.

Anali atatu. Mtsogoleri timamutcha Pulani, chifukwa moyo wake wonse wakhala akukonza mapulani, koma palibe ngakhale imodzi imene inamugulirapo nsapato. Wachiwiri ndi Chigubu, chimunthu champhamvu chimene mutu chinaupatsidwa kuti chipewa chizipeza pokhala. Wachitatu ndi Sipanala, pulambala wa manja abwino amene anasiya kukonza mipopi ataona kuti kuiba n'kofulumira. Ameneyu anali atangotuluka kundende kachiwiri, ndipo mkazi wake anali atamuuza pamaso pa apongozi kuti akadzalowa kachitatu, potuluka adzapeza nyumba yokha. Mayi ameneyu amaphikira ana pasukulu ya mkaka. Si wolongolola, ndipo chinthu amanena kamodzi.

"Aise, tandiuzani," anatero Pulani akuzunguza botolo. "M'chisitolo cha zitsulo chija, ndani amene saoneka ndi maso?"

"Mzukwa," anayankha Chigubu.

"Wantchito, mbuzi iwe. Wovala malaya achikasu. Makasitomala samupeza, anzake samudziwa, manijala sanamuonepo. Dilu yake ndi imeneyo."

Apa pokha Pulani sananame. Sitolo imeneyi ndi chinyumba choti mukhoza kuseweramo mpira, mashelefu ofika kudenga, ndipo pakhomo anapachikapo chikwangwani cholembedwa kuti TILI PANO CHIFUKWA CHA INU. Ine ndinapitako tsiku lina kukafuna kabotolo ka mafuta a makina. Ndinazungulira ola lathunthu. Malaya achikasu ndinkawaona chapatali, koma ndikangoyandikira ankazimiririka kuseri kwa zitseko zogulitsa. Ndinapeza mtsikana wina atatsamira matumba a simenti, foni ili kukhutu. Anandikwezera chala kuti ndidikire, ndipo chalacho chinakhala m'mwamba mpaka miyendo yanga inachita dzanzi. Ndinabwerera chimanjamanja, mtima ukuwira.

Pulani ya mtsogoleriyo inali yotere. Loweruka m'mawa, anthu atadzaza, atatuwa alowe atavala zachikasu. Pulani ndi Chigubu akweze jenereta yaikulu pangolo yokankha, aitulutsire kukhomo lakumbuyo kumene kukhale kukudikira kagalimoto kobwereka. Sipanala aime kumbali ya mapaipi, pafupi ndi ofesi, ndipo manijala akangosuzumira aimbe likhweru.

"Nanga wina akatifunsa kanthu?" anafunsa Sipanala.

"Mawu ndi atatu basi, ndipo aliyense awaloweze. Loyamba: Si mbali yanga ino. Lachiwiri: Zatha. Lachitatu: Dikirani, ndikubwera. Ukatero uzipita, osacheuka. Kumwetulira ayi, angakutulukire."

Anayeserera mpaka mabotolo anadzaza tebulo. Kenako anabwera kwa ine ndi nsalu yachikasu kuti ndiwasokere malaya atatu, akuti akuyambitsa kwaya. Ine sindifunsa nyimbo zimene kasitomala akufuna kukaimba.

Lachisanu madzulo ndinaona mkazi wa Sipanala ataima kutsogolo kwa makina anga, malaya amodzi aja ali m'manja. Anali atawapeza pansi pa matiresi, ndipo mwamunayo atapanikizidwa ananena kuti walembedwa ntchito kusitolo ya zitsulo, amangofuna kudzamuuza akalandira malipiro oyamba.

"Achimwene, tandilimbitsirani batani ili," anatero. "Mawa akukayamba. Ndikufuna akaoneke ngati munthu."

Nkhope yake inali itawala mwa njira imene ndinali ndisanaionepo. Malayawo anali atawasita kale, mpaka mizere ya m'manja itaima njo. Ndinachita manyazi kwambiri, koma batanilo ndinasoka.

Loweruka ndinatseka makina n'kupita kukafunanso mafuta aja. Kunena zoona, ndinkafuna kuona kwaya yanga ikuimba.

Poyamba zinayenda ngati madzi. Mlonda wa pakhomo anali akusinza, ndodo ili pamiyendo. Bambo wina anaimitsa Chigubu kufunsa kumene kuli misomali, ndipo Chigubu chifukwa cha mantha anakhuthula zonse nthawi imodzi: "Zatha, ndikubwera, si mbali yanga ino." Bamboyo anangogwedeza mutu ngati munthu amene wamva yankho la masiku onse. Pamene awiriwa ankakankha jenereta, wantchito weniweni amene anakhala pachidebe cha penti anapinda miyendo kuti adutse bwino, maso osachoka pafoni.

Pulani ankayenda chifuwa chili patsogolo. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Kumbali ya mapaipi kunafika mdala wina wa jekete lothothoka, atanyamula mutu wa mpopi m'pepala lapulasitiki. Anayandikira Sipanala mochita kuopa, chipewa chili m'manja.

"Pepani mwanawe, mpopi uwu ukudontha sabata yachitatu. Mnzanu uko wandiuza kuti ndigule wina."

"Si mbali yanga ino," anatero Sipanala, maso ali kudenga.

"Zikomo, mwanawe."

Mdalayo anapita pashelefu n'kutola chimpopi chachikulu, choti sichikanalowa papaipi yake ngakhale atachipempherera. Ine ndinaima pambali ndikuona zala za Sipanala zikuyamba kuvina. Anaika manja m'thumba. Anawatulutsa. Anayang'ana kuofesi, n'kuyang'ananso mdala uja.

"Madala, tasiyani chimenecho. Bweretsani kuno." Anapotokola mutu wa mpopiwo ndi manja okha, n'kutulutsa kalabala kakuda kodyeka. "Chadwala ndi ichi. Tengani aka, kali m'kabokosi kapansi apa. Mukamanga musachite kukoka ndi mphamvu zonse, mungakang'ambe."

Mdalayo anamuyang'ana ngati akufuna kulira. Mayi wina amene ankadutsa ndi chitini cha guluu anaima. Kenako mawu anayamba kuyenda m'mashelefu monong'ona: kumapaipi kuli wina akuthandiza. Anthu anasiya ngolo zawo panjira. Mphindi khumi zisanathe mzere unali utakhota mpaka kumbali ya mababu, wina atanyamula loko, wina chidutswa cha waya, wina pepala limene anamulembera mmisiri wake. Inenso ndinalowa pamzerepo. Mafuta a makina anandilozera kamodzi: shelefu yachisanu ndi chiwiri, pansi, kuseri kwa mabulashi.

Kukhomo lakumbuyo, monga ndinadzamva pambuyo pake, zinthu zinali zitaima. Chitseko chinali ndi chiloko chachikulu ngati chibakera, zimene Pulani sanaziganizire. Anaitana wantchito wina wamtali amene makiyi ankalira m'chiuno mwake.

"Aise, tatsegula apa, katunduyu akudikiridwa panja."

"Dikirani, ndikubwera," anatero wamtaliyo, n'kumapita osacheuka.

Anadikira. Chigubu anakhala pajenereta.

"Akulu, bwanji tingotulukira kutsogolo? Mlonda uja wagona."

"Pulani ikuti kumbuyo. Ukayamba kuganiza iwe ndiye kuti tatha." Pulani ankangoyendayenda akuyang'ana dzanja limene linalibe wotchi. "Anthu awa alibe khalidwe. Munthu angamusiye chonchi ataima? Sitolo imeneyi idzagwa, ndikukuuza ine."

Nthawi imeneyi ndi imene mkazi wa Sipanala analowa, atanyamula kontena ya chakudya, pambuyo pake pakubwera mayi ake atavala za kutchalitchi. Apongozi amenewa anali atanena kuti za mkamwini kugwira ntchito akhulupirira akaona ndi maso. Sanavutike kumupeza, anangotsata mzere.

Sipanala anawaona. Munthu wanzeru akanavula malaya aja n'kulowa m'khamu. Iye anawongola kolala n'kukweza mawu. Anayeza paipi ndi chikhatho, anakwera makwerero kukatsitsa thanki yachimbudzi, analetsa mnyamata wina wongokwatira kumene kugula waya woonda woti ukanamuotchera nyumba. Thukuta linkatsika, nkhope ikuseka. Mkazi wake anaima kumapeto kwa shelefu, kontena ataikumbatira pachifuwa, osaphethira.

Amene sanakondwe ndi eni malaya achikasu enieni. Tsiku limenelo ndinaona antchito asanu ndi anayi ataima malo amodzi, chinthu chimene ndinkayesa kuti sichitheka.

"Ndani ameneyu?"

"Kaya. Watsopano mwina."

"Akutiyalutsatu. Mawa anthuwa ayamba kutifunsa tonse."

Mtsikana wa chala uja ndiye anakagogoda kuofesi. Likhweru silinalire, woimba wake anali pamwamba pa makwerero akuwerengera gogo wina zolembedwa pachitini.

Manijala anatuluka nkhope itakwinyika, kamunthu kakafupi ka tayi yofiira, akutsinzina ngati kuwala kwa m'sitolo yake yomwe kukumuthobwa. Koma makasitomala atamva kuti bwana ndi ameneyu, anamuzungulira n'kuyamba kumugwira chanza. Mdala wa mpopi uja, amene sanapite kwawo, anaombera m'manja, ena n'kutsatira. Manijala anasintha nkhope pomwepo.

"Umu ndi mmene timawaphunzitsira antchito athu," anatero. "Iwe, tatsika. Chithunzi chako chikhala pakhoma mwezi uno. Nambala yako yantchito ndi chani?"

Sipanala anatsika pang'onopang'ono. Anatsegula pakamwa, ndipo pa mawu atatu aja panalibe limodzi lothandiza.

"Musamuchititse manyazi, bwana, wayamba lero lomwe," anatero apongozi akudzikankhira kutsogolo. "Ndi mkamwini wanga ameneyu. Ine ndinkamunyoza, lero ndalapa. Mulungu akudalitseni pomulemba munthu woti wangochoka kumene kundende. Ena akanamuthamangitsa."

Manijala anakanda pakhosi.

"Mayi, ife chaka chino sitinalembe munthu."

Mwina Sipanala akanapeza bodza lina, pakuti mabodza sanali kumusowa. Koma khamu linagawikana pakati, n'kutulukira Pulani, maso ali psu, thovu lili kukamwa.

"Manijala ndi ndani muno? Ndikufuna manijala. Ola lathunthu munthu ndaima kumbuyo uko ndi jenereta, wamakiyi akuti akubwera, mpaka pano. Mumagwira ntchito chonchi? Mulibe manyazi?"

"Ndi mnzake uyu," anatero apongozi mokondwa. "Amabwera kunyumba. Nayenso mwamulemba?"

Mlonda anachita kudzutsidwa ndi makasitomala. Chigubu anamupeza atagona pajenereta, kukamwa kuli yasa, ndipo atamugwedeza anangoti, "Zatha." Wamakiyi anatulukira apolisi atafika kale, akutafuna, n'kufunsa kuti amamufuna ndani.

Anawakhazika pansi atatuwo pafupi ndi kauntala, atawamanga manja ndi chingwe chatsopano chochokera pashelefu. Makasitomala ena anachonderera apolisi kuti pulambalayo amusiye kaye mpaka mzere uthe. Pulani ankalongosolera wapolisi wina kuti pulani inali bwinobwino, yalakwika ndi sitolo. Ine ndinabisa nkhope kuseri kwa mawilibala, poopa kuti wina angazindikire msoko wanga.

Mkazi wa Sipanala anayenda mpaka pamene mwamuna wake anakhala. Sanalire, sanakalipe. Anthu anamupatsa njira.

"Mayi a mwana," anayamba Sipanala, "ndikufotokozera. Ine kwenikweni sindinagwire kanthu. Wandiona wekha, ndimangothandiza anthu."

"Ndakuonani," anatero mayiyo. "Ola lonse ndimakuonani."

"Ndiye ukawauze apolisiwa."

"Zaka zonsezi, bambo a mwana, ndinkati ntchito inakukanikani. Ndinkati manja anaiwala, mutu unasokonekera kundende. Ndinkakumverani chisoni, n'chifukwa chake ndinkakudikirani." Anayang'ana mzere wa anthu uja, ena adakali ndi mapaipi m'manja. "Kani mumatha. Mumangokhala simukufuna."

Sipanala anaweramitsa mutu. Ine ndamuonapo munthu ameneyu akumenyedwa ndi khamu pamsika, akuseka. Apa kuseka kunamuthera.

Mayiyo anaika kontena ija pansi pambali pake, anagwira mayi ake pamkono, n'kumatuluka. Sipanala anamuitana kawiri, koma sanacheuke.

Lolemba m'mawa ndikutsegula makina, ngolo inadutsa kutsogolo kwa khonde langa itasenza mipando iwiri, mapoto ndi chikwama cha zovala. Pambuyo pake pankayenda mkazi wa Sipanala, mwana ali kumsana. Anandipatsa moni mwaulemu, ine n'kulephera kumuyang'ana kumaso.