Chidole Chimene Chinavala Shati Yanga ku Runda

Nkhani iyi amalume anga amaikamba paukwati uliwonse, ndipo amaithira mchere wambiri. Bola lero ndiikambe ndekha, manyazi ake ndisenze ndi mutu wanga.

Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 ndinapita ku Nairobi kukaphunzira za akawunti, ndipo ndinkakhala kwa amalumewo ku Runda. Iwo ankagwira ntchito ku bungwe lina lalikulu ku Gigiri. Kale ntchito yomweyo inawafikitsa ku Cambodia, komwe anabwerako ndi mkazi, anti Sokha, mayi wofatsa wosachulutsa zokamba.

Ndisananyamuke kwathu ku Dowa, anthu anali atandinong'oneza kale. "Amalume akowo chuma chawachulukira msanga. Ukachenjere. Munthu wokhwima amayambira mwana wa mlongo wake." Ine ndinaseka. Koma mawu otere akalowa m'mutu satuluka, amangokhala phee kudikira tsiku lake.

Komanso Runda ndi malo oopsa kwa munthu wokulira pamudzi. Mipanda ya mitengo italiitali, misewu ili zii, osamva mwana kulira kapena tambala. Mwezi wa Julaye nkhungu imagwa mpaka galimoto ya pakhomo osaiona.

Choyamba chinali kanyumba. Ndinakapeza kuseri kwa nyumba, kali pamwamba pa chipilala, kofiira, kakhomo kake kongokwana nkhunda. Mkati munali nthochi, kambale ka mpunga ndi timitengo tofuka utsi wonunkhira. Ndinayang'ana uku ndi uku. Panalibe munthu, koma utsi uli tolo!

Chachiwiri chinali mawu. Masana ena anti atapita kumsika, ndinamva munthu wamkazi akuyankhula m'chipinda chowerengera cha amalume, chitseko chili chotseka. Mawu ake anali osakwera, osatsika, chinenero chosamveka mutu wake. Akanena, amalume ankabwereza pang'onopang'ono ngati mwana wa Sande sukulu. Atatuluka ndinasuzumira. M'chipindamo munalibe mkazi aliyense.



Chachitatu ndiye chinandimaliza. M'nyumbamo tonse tinali titagwidwa chimfine. M'mawa wina ndikutuluka kukakwera minibasi, ija kumeneko amati matatu, ndinaona munthu ataima pambali pa geti, m'nkhungu, osagwedezeka.

"Habari ya asubuhi," ndinamupatsa moni wa m'mawa m'Chiswahili.

Zii.

Nditayandikira ndinapeza kuti ndi chidole chachikulu ngati ine, chopakira udzu, mutu wake chidebe chojambulidwa maso ofiira ndi mano. Chinagwira chibonga. Makutu ake anali otambasuka ngati zogwirira poto, ndendende anga. Ndipo chinavala shati yanga yachikasu, imene ndinaitaya pamulu wa nsanza zopukutira galimoto!

Inu, Mmalawi aliyense akudziwa tanthauzo la chovala chako chikapezeka pamalo osayenera.

Madzulo ake patebulo amalume anati, "Lameki, Loweruka usachoke. Kukubwera mayi wamkulu kuchokera kutali. Akufuna akuone."

"Andione ine?"

"Eya. Tinawauza kale za iwe."

Ndinaganiza za mayi anga ku Dowa, akulandira bokosi pomwe ine weniweni ndikusesa pabwalo ku Runda ngati ndondocha, lilime atandidula. Ndinachita mantha enieni, osati amasewera.

Kutacha ndinakamufotokozera Tobiyasi, mnzanga wa ku Zomba amene ankatsogolera mapemphero a ophunzira achimalawi. Anamvetsera maso ali psuu.

"Brother, this is serious. Za kwathu timazidziwa, koma izi ndi imported!"

"Ndiye nditani, aphiri?"

"Moyo wako auika m'shatimo. Tikaivule chisanafike chimayicho, uivale iweyo, moyo ubwerere kwa mwini wake."

"Bwanji ndingowafunsa amalume?"

"Mbuzi imafunsa wogula kuti mpeni ndi wachiyani?"

Loweruka m'mawa amalume ndi anti anapita ku eyapoti. Tobiyasi anafika ndi botolo la mafuta odzozera. Kunali kutagwa mvula yowaza, nkhungu ili mbuu, chidole chija chikungotiyang'ana.

"Yamba ndiwe," ndinatero.

"Ayi, nkhondo ndi yako. Ine ndikuphimba ndi pemphero."

Anandithira mafuta kumutu mpaka kutsikira m'maso. Ndinavula juzi, ndinakuwa kuti "Fire!" n'kuchilumphira.

Abale, chinthucho anachimangirira kunsungwi ndi waya. Nditachikoka, nsungwi inapindika n'kubwerera, chibonga chija phwa! pamphumi panga.

"Chikubwezera!" anakuwa Tobiyasi. "Limba, brother!"

Tinagwa tonse m'matope ofiira a ku Runda aja. Ndinachiluma, ndinaching'amba mimba, udzu uli balala, wina m'kamwa. Penti ya maso ake inandimatirira kumaso. Pamapeto pake shati ndinailanda n'kuivala, batani limodzi lokha, dzanja lina litathothoka. Ndinaimirira chibonga chili m'manja, ndikupuma ngati ng'ombe yapangolo.

Pomwepo nyali ziwiri zinatulukira m'nkhungu. Galimoto ya amalume!

Ndinacheuka kuti Tobiyasi andiphimbe. Ndinangoona botolo likugubuduka, mwini wake ataliyatsa liwiro la mtondo wadooka.

Chitseko chakumbuyo chinatseguka. Munatuluka kamayi kakafupi, kokalamba, kometa mpala, kovala zoyera, milomo ili psuu ngati kamwa magazi. Kanandiyang'ana osaphethira.

Ndinagwada m'matope.

"Amalume, ndikhululukireni! Mayi anga ali ndi ine ndekha! Tengani mbuzi, ndikakugulirani!"

"Iwe Lameki, wapenga? Awa ndi apongozi anga!"

Anti anagwira pakamwa poona chidole chija chili mbwee. Amalume anandikokera pambali mwaukali n'kundifotokozera monong'ona.

Nkhani inali yakuti akapuma pantchito akufuna kukakhazikika kwawo kwa mkazi wawo, n'kupempha unzika wa dzikolo. Kumeneko sangokupatsa chifukwa wakwatira mwana wawo. Uyenera kukhalako zaka, uziyankhula ndi kulemba chinenero chawo cha Chikhmer, udziwe mbiri yawo, ndipo anthu aone kuti miyambo yawo waizolowera. Mkazi wa m'chipinda uja anali kaseti yophunzirira chinenero. Kanyumba kaja n'kolemekezera mizimu ya pamalo. Chidole chotere kwawo kwa anti amachiika pageti matenda akalowa m'nyumba, kuti mizimu yoipa iziopa. Amalume anachipanga okha, kuti apongozi aone kuti mkamwini wawo ndi wophunzitsika, popeza ndiwo adzawasunge ndi kuwachitira umboni kumeneko.

"Nanga magazi ali kukamwawo?"

"Ndi masamba amene amatafuna, chitsiru iwe!"

"Nanga makutu?"

Amalume anayang'ana kumbali. "Makutu ndinangoika zimene zinandibwerera m'mutu."

Kenaka nkhope yawo inagwa. "Wandiwonongera, mphwanga. Chinenerocho chikundikanika kale. Kaseti ndimaimva, koma munthu akayankhula sinditolapo kanthu. Chidolechi ndicho chinali chodzitamira changa."

Apa ndiye ndinamva chisoni, manyazi osanena. Munthu wondilipirira sukulu, ine n'kumuyesa mfiti pamaso pa apongozi ake.

Mayi aja anabwera pang'onopang'ono. Anandizungulira, kuyang'ana matope, penti, chotupa cha pamphumi, udzu wolendewera pamlomo. Anagwira khutu langa n'kulikoka pang'ono ngati akuyesa nsalu. Kenaka anatembenukira kwa amalume n'kunena mawu angapo m'chinenero chawo.

Amalume anatchera khutu. Mwadzidzidzi analumpha.

"Ndamva! Sokha, ndamva zonse! Popanda kaseti!"

Anawayankha mayiwo mokoka mawu, manja atawaphatikiza pachifuwa. Gogoyo anaseka, mano ofiira onse pamtunda, n'kuwasisita paphewa. Anti misozi ili mbwembwembwe ndi chimwemwe.

"Amalume, akuti bwanji?"

"Akuti mkamwini wawo ndine katswiri. Akuti kwawo konse sanaonepo choopseza mizimu chonyansa ngati chimenechi."

"Chimene ndaphwanyachi?"

"Ayi, iweyo. Akuti chakalecho tichitaye, uziima pageti ndiwe mpaka chimfine chithe!"

Amalume anakakhaladi kumeneko, ndipo patapita zaka unzika anaupeza. Akuti mpaka lero kumudzi kwa apongozi awo matenda akabuka, chidole amachiveka shati yachikasu ndi makutu aakulu.

Akulu anati safunsa anadya phula. Ine ndinadya udzu.