Nkhokwe ya Miyendo ya Malata

Lolemba, Juni 1953
Ndili pa yunivesite ku Joni, mphunzitsi wathu, bambo wamimba, anapinda lata lopyapyala ngati ngalande, n'kuliimika, n'kukwerapo. Silinakhwinyate. Papita zaka koma ndimachionabe m'maso.

Lero ndiyesa nane. Nkhokwe ya apongozi kuno ku Chalimbana yadyedwa ndi chiswe, chimanga chili pabwalo, ndipo mkamwini pano ndine. Chikwatirire sindinamangepo kanthu. Ndiimika nkhokwe pa miyendo yachitsulo. Chiswe chikagwere uko!

Zomwe ndili nazo: malata akale, mabauti, nyundo, msomali woboolera. Ndi mantha pang'ono.

Lachiwiri
Ndadula, ndapinda pachitsa, popanda moto. Miyendo yolimba zedi! Ndakwerapo, nditaonetsetsa kuti palibe woona.

Ine ndi apongozi sitilankhulana, ndi mwambo. Tikakumana m'njira, aliyense amapatukira kutchire. Ndiye akuuza nkhuku zawo mokweza: "Imwe nkhuku, munaonapo chimanga chokhala pa denga lodulidwa?"

Lachitatu
Kulumikiza. Lata lopinda ndi lolimba, koma pabowo lili ngati tsamba. Ndikalimbitsa bauti, mutu wake ukulowa n'kutulukira kuseri. Mawashala, timphete toika kunsi kwa mutu wa bauti, ndilibe. Ndaduladula lamba wanga n'kuika m'malo mwake. Buluku ndamanga ndi luzi.

Lachinayi
Yaima! Abale a Naphiri, mkazi wanga, akweza nkhokwe yoluka pamwamba pake. Amalume ake akugogoda mwendo wa nkhokweyo ndi ndodo, akundiuza: "Aphunzitsi, iyi tiziimbira anthu a tchalitchi, ilira bwino!"

Ndawerengetsanso kulemera kwa chimanga. Miyendo ikwanitsa. Koma mabowo aja, kodi sindinaboole pafupi kwambiri ndi m'mphepete? Sindinauze munthu.

Lachisanu
Chimanga chalowa chonse. Zomwe mulibe m'masamu anga:
mbuzi zokanda msana pa mwendo wakummawa;
thole la apongozi, lomwe alimangirira ku mwendo wina poti pali mthunzi.

Ine ndinawerengera katundu wopondereza pansi, osati wokokera kumbali! Mabowo ozungulira aja atalika ngati nthanga za dzungu. Ndatuma Naphiri akapemphe kuti thole lichoke. Wabwera ndi yankho, akubisa kuseka: "Akuti munakamba mweka kuti chitsulo sichiopa kanthu."

Loweruka
Masana. Thole laona galu, ladzambatuka. Bowo loyamba lang'ambika, kwee! Linzake latsatira. Nkhokwe ikuwerama pang'onopang'ono ngati ikupereka moni. Ndathamanga, ndachirikiza ndi phewa, manja onse m'mwamba. Pomwepo luzi laduka.

Apongozi, maso ndi maso, koyamba chikwatirire: "Atate, siyani chimanga, gwirani buluku!"

Ndamvera akulu. Nkhokwe yagona.

Ndayendera pambuyo pake. Miyendo yonse njowongoka. Mabauti onse ngamoyo. Chalephera ndi kachidutswa ka lata kapakati pa bowo ndi m'mphepete, kosakwana chala.

Lamulungu
Chimanga sichinatayike, tachituta, chili m'chipinda chathu, ndipo mbewa zamva kale. Kutchalitchi andilonjera mwaulemu waukulu, maso ali m'chiuno mwanga. Mawa ndipita kukadula mitengo ngati akamwini anzanga onse. Chiswe nacho chidye.

Apongozi abwera okha pakhomo, osatuma munthu. Akhala pamkeka, akundiyang'ana. "Atate, mwayesa. Manje mapepala aja mumalembamo masamu, nipaseniko nipichire fodya."

Ndimalize mzere uno, ndipinde, ndiwapatse ndi manja awiri.