Dothi Landinamizira

Lolemba, Julaye 1956
Miyezi yatha ndili pasukulu pano, koma wogogoda pakhomo panga ndi mbuzi yokha. Amuna ali ku Joni, ena kuminda ya tiyi. Otsalawo amacheza m'Chilomwe, ndikafika amangoti "Moni aphunzitsi," nkhani yathera pomwepo. Ndapeza nzeru: ana a kalasi yanga ya Sabu A aumbe nyama zam'tchire, Loweruka makolo adzaone. Kukabwera makolo, abweranso Esinati woumba miphika uja, mchemwali wake wa Fanesi wa m'kalasi mwanga. Ndi yekhayo amene amandipatsa moni akumwetulira. Koma si za Esinati ayi, ndi maphunziro.

Lachiwiri
Amayi am'mudzi akundiletsa kukakumba dothi. "Kumtapo amuna safikako, aphunzitsi." Esinati wanditumizira dengu lodzadza, atavundikira masamba a nthochi. Ndaliika pampando wa alendo. Mpandowo wapeza ntchito lero!

Lachitatu
Taumba! Zomwe zatuluka:
nkhono zambirimbiri,
nanzikambe wa miyendo isanu,
nyani wakuphiri wofanana ndi ahedi,
njoka. Waulesi aliyense waumba njoka.
Fanesi wadya mwendo wa kamba wake. Taseka mpaka kuiwala belu. Ana ataweruka m'kalasi mwangoti zii, ndatsala ndikucheza ndi nyani uja.

Lachinayi
Chiperoni! Phiri silikuoneka, mvula yowaza osaleka, dothi silikuuma. Fanesi akuti, "Achemwali ati musawotche, mudikire ziume kaye." Ndidikire bwanji, makolo ndawaitana kale? Ndadikira zambiri kuno, izi zokha ayi.

Lachisanu
Ndawotcha. Phu! Phu! Phu! Mutu wa nyani wakagwera kuseri kwa tchalitchi. Ana ena akulira, ena akuwomba m'manja ati tibwereze. Zapulumuka njoka zokhazokha.

Loweruka
Makolo abwera, ambiri ndithu! Koma sakuyang'ana njoka, akuyang'ana ine. Kani kuno amati dothi likaphulika pamoto ndiye kuti wowotchayo ndi wotentha, sanagone yekha. Mayi wina akuti, "Eee, aphunzitsi, kufatsa konse kuja!" Ndikulongosola za chiperoni, iwo kuseka. Wina wafika posuzumira m'nyumba mwanga. Esinati watenga dengu lake, wapita osatsanzika. Zandiwawa.

Lamulungu
Tikutuluka m'tchalitchi, akulu ampingo anditengera pambali, akufuna dzina la mkaziyo. Ndati palibe. Ati ndikaganize bwino, iwo ndi achikulire, sanabadwe dzulo. Esinati atandiona wadzera njira yakumunda.
Basi, mudzi wonse ukudziwa kuti ndili ndi munthu, wosadziwa ndine ndekha. Nditafika kunyumba nanenso ndasuzumira kuchipinda, poti anthu onsewa sanganame. Mulibe. Ndatereka madzi a tiyi, kapu imodzi.