Kasikuta ka Pabalaza

Usiku wathawu, amayi anzanga, ndinalota zoti mukamva mundiseka mpaka mutaya mtedzawu. Sendani, ine ndizinena. Koma muyambe mwadziwa chimene ndinagona nacho mumtima. Mwana wanga Ndaziona, namwino uja ali ku Lilongwe, watopa kundiona ndikuyenda wapansi ndi dengu la mazira mpaka ku Nathenje. Akuti andigulira njinga yamoto yangayanga, yoyamba m'moyo wanga, ine wa imvi kale. Koma akuti wogulitsayo atenge kasikuta ka malemu bambo ake kuti mtengo utsikeko. Anati ndimuyankhe lero m'mawa, ndipo ndinagona ndisanapeze yankho.

Ndiye m'malotomo kunja kuli ngwee, ine ndili pabalaza ndikupukuta kasikuta kaja monga ndimachitira Loweruka lililonse. Mukukadziwa inu, kobiriwira kaja kali pakati pa kabati ndi mpando wa alendo, kansalu koluka pachishalo, botolo la maluwa apulasitiki pamwamba. Mwadzidzidzi kanayetsemula, maluwa n'kugwa pansi.

"Pepa," ndinatero.

"Zaka zisanu zonsezi, pepa mmodzi yekha?" kanandiyankha ndi mawu a munthu wachimfine. "Mayi, ine ndine njinga kapena shelefu? Polishi wapansi mwandipaka mpaka ntchentche ikatera ikuterereka, koma m'mimba muno petulo anasasa kalekale. Mu ekizozi mavu anamanga mudzi, pano ali ndi adzukulu. Musefa yanga ya mpweya khoswe waberekeramo kawiri."

Ndinachita manyazi, sindinama. Ndinati iwe, ine ndimakusamala ngati mwana. Iko kanati mwana wosatuluka panja miyendo imalumala, taonani matayala angawa, aphwa mpaka aiwala kuti anali ozungulira.

Ndiye khoma la pabalaza linatseguka ngati chitseko, kuseri kwake kuli Loweruka lakale, pansi pa mtengo wa mapeyala uja tinadula. Apo pali a Filimoni, bambo a Ndaziona, atavala jekete yawo ya khaki ya ulangizi wa ziweto, atayala chiguduli pansi, masipanala atawandanditsa kuyambira wamkulu. Pambali pawo pali ine ndili mtsikana, nditagwira mbale ya mabawuti, chifukwa ntchito yanga inali imeneyo. Ankatsuka sefa m'parafini n'kuiyanika pa thandala. Oyilo ankamuyeza ndi kamtengo kake, n'kupukutira pa malaya akale a kwaya. Pulagi ankaikwecha ndi sandipepala, kuiuzira, n'kuiyang'ana kudzuwa nthawi yaitali.

"Nagama," ndinawamva akuuza mtsikana ujayo, "ikada ngati kunsi kwa mphika, njinga yadya mopitirira. Ikayera mbuu, ili ndi njala. Koma ikakhala ngati mtedza wokazinga bwino, dziwani kuti pakhomo pali mtendere."

Ndinawaitana, koma sanacheuke. Khoma linatsekeka, ine n'kutsala ndi kansanza m'manja, mtima ukuwawa ngati maliro achitika dzulo.

"Mukukumbuka alamu anu atabwera kudzagawana katundu?" kasikuta kanandifunsa. "Anaponda kiki amuna atatu, mosinthana, mpaka thukuta kamukamu. Inu muli phee pamphasa, mpango kumutu, mukudziwa bwinobwino kuti kampopi ka petulo n'kotseka, poti mwini wake ankatseka madzulo alionse. Anatenga wailesi, anatenga matiresi, ine anandisiya akuti ndine chitsulo chakufa. Munandipulumutsa tsiku lija. Ndiye munandipulumutsira maluwa?"

 Kenaka kanati tiyeni, mukaone amene akufuna kulowa m'malo mwanga.

Ndiye tinatuluka, ine patsogolo iko pambuyo, kakutsimphina pa matayala akuphwawo, pwata pwata. Tinangodutsa nkhokwe, mwadzidzidzi tili kudibi la ng'ombe kumene a Filimoni ankagwira ntchito, koma m'khola mulibe ng'ombe, muli njinga zamoto zokhazokha, zikudya msipu, zina zikukanda nthiti pamtengo. Pachipata pali tebulo ndi chikwangwani cholembedwa kuti Ofesi Yoyeza Miyendo. Kuseri kwa tebulo kuli bwana wa tayi ndi magalasi.

"Zaka zokwera njinga yamoto?" anandifunsa osandiyang'ana.

"Makumi awiri ndi zinayi, bwana."

"Kutsogolo kapena kumbuyo?"

"Kumbuyo."

"Chammbali?"

"Nanga ndi chitenje munthu ukhala bwanji?"

"Ndiye simunakwerepo, mayi. Munkanyamulidwa."

Akunena choncho jekete yawo inayamba kutupa kumsana, inang'ambika, n'kutuluka minga. Bwana uja ndi nungu, tayi ili m'khosi, koma munga uliwonse ndi cholembera. Anazula chimodzi, chosalemba. Anazula china, chosalembanso. Anazula mpaka msana unayamba dazi, ndiye anati basi tingoyeza. Anatenga nzimbe, anaiimika pambali pa mwendo wanga, anawerenga mfundo zisanu ndi imodzi, kenaka anadya nzimbeyo yonse n'kundifunsa kuti paja anapeza zingati.

"Lowani musankhe," anatero akulavula makoko. "Mapazi onse awiri afike pansi, ndipo ikagwa muidzutse nokha. Zinazo ndi zokongoletsa."

Ndiye inabwera yofiira, yaitali, yonyezimira ngati ya pa kalendala. Inati kwerani agogo, ndikufikitsani ku Nathenje mazira asanadziwe kuti achoka pakhomo. Ndinachita kukwera pachulu kuti ndifike pachishalo. Nditakhala, mapazi ali lendelende, phiri la Nkhoma ndikuliona pamutu. Koma thupi langa linatembenuka lokha, mawondo pamodzi, miyendo yonse mbali imodzi, ndiye tonse awiri tinagwa, khu. Ndinayesa kuidzutsa, inali ngati ndikudzutsa ng'ombe yodwala. Chikomekome cha mkuyu, anzanga.

Mwadzidzidzi yafika ina ya kabaza, chishalo chachitali ngati benchi la kutchalitchi, yomangidwa ndi malamba a mphira paliponse. Inadzitama kuti yanyamulapo anthu anayi, mbuzi, ndi chitseko pa ulendo umodzi, ndipo palibe anadandaula kupatula mbuziyo. Ndinakhalapo, chishalo chake thabwa lenileni, msana unayamba kundiwawa tisananyamuke. Thupi linatembenukanso chammbali, n'kugwanso. Inabwera yachitatu, yakuda, yaulemu ndithu, koma inati dzanja ili ligwire kilatchi, ili likoke moto, phazi ili lisinthe giya, ilo liponde buleki, zonse nthawi imodzi. Ndinati mwanawe, kusinja, kupeta ndi kuyamwitsa ndinachitapo, koma osati pakamodzi. Njinga zonse m'khola muja zinaseka, mahutala okhaokha.

Ndinakhala pansi pafumbi pomwepo, ndipo ndi pamene ndinazindikira chinthu chimene sindinachiganizepo ndili maso. Msewu wa ku Nathenje ine ndimaudziwa mbali imodzi popita, mbali ina pobwera. Popita ndi mango a kwa Chimbalanga, chigayo, ndi manda. Pobwera ndi dimba la kabichi ndi sukulu. Pakati pa msewu sindinapaonepo ndili panjinga. Pakati pa msewu panali msana wa a Filimoni, jekete ya khaki yonunkhira mankhwala a dibi. Ndinalira, amayi, kulira kwenikweni, chifukwa ndinawasowa.

Ndiye kunamveka wezulo. Wapolisi wa pamsewu, manja oyera, akubwera akuponda mosamala. Khosi lake linayamba kutalika, miyendo kuonda, mpaka anasanduka kakowa, chipewa chili pamutu.

"Mayi, mwaima pakati pa msewu zaka zisanu," anatero ataima ndi mwendo umodzi. "Ng'ombe zikulephera kudutsa. Sankhani chokwera muchokepo, apo ayi ndikulembani mlandu wosayenda."

Ndinati bwana, zonse zandigwetsa. Apo kasikuta kaja kanakhosomola kumbuyo kwanga.

"Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo," kanatero. "Matayala anga ndi aang'ono, inde. Koma ine ndilibe thanki pakati pa miyendo, chitenje chanu chikwana bwinobwino. Giya ndimasintha ndekha. Ndikagwa mundidzutsa ngati mukudzutsa mtondo. Mwayesa alendo onse, ine simunandiyese."

Ndinati nanga akukonza ndani, mwini wako kulibe. Iko kanati zaka makumi awiri ndi zinayi munkagwira mbale, maso anu ankayang'ana kuti?

Ndiye ndinagwada. Chiguduli chinabwera chokha, masipanala n'kudzindandika okha. Anzanga, manja angawa ankadziwa. Ndinamasula pulagi, yakuda bii, ndinaikwecha, ndinaiuzira, ndinaiyang'ana kudzuwa. Ndinakhuthula petulo wosasa uja, ndinathira watsopano kuchokera m'ketulo ya tiyi, musandifunse. Oyilo wakale anatuluka ngati phula. Khoswe anatuluka musefa ndi ana ake pamsana, akundinena kuti ndine mwininyumba woipa mtima. Mavu anatuluka mu ekizozi pamzere, akatundu pamutu. Kakowa uja anandigwirira pampu, nungu akuwerenga mokweza mpaka matayala anakumbukira kuzungulira. Ndinatsegula kampopi. Ndinaponda kiki kamodzi, zii. Kachiwiri, kanatsokomola. Kachitatu kanalira kulira kwake kuja, kumene Ndaziona ali mwana ankakumva kakadali kumlatho n'kuthamangira kumsewu.

Ndinakhala pachishalo moyang'ana kutsogolo. Thupi linafuna kutembenuka, ndinalikaniza. Mapazi onse awiri anali pansi, zidendene zomwe.

Mwadzidzidzi kumbuyo kunalemera. Ndinasuzumira pagalasi, ndi a Filimoni, akhala chammbali, mawondo pamodzi, atavala chitenje changa cha Mvano pamwamba pa buluku, dengu la mazira pamiyendo.

"Tiyeni, Nagama, dzuwa lakwera," anatero. "Musacheuke. Woyendetsa sacheuka."

Ndinakoka moto pang'ono, tinanyamuka. Msewu wonse unabwera kumaso kwanga, wotakata, wofiira, mphepo ikundilowa m'makutu. Mango ndi dimba la kabichi ndinaziona pakamodzi, uku ndi uku, koyamba. Ndinaona dzenje lalikulu patsogolo pa chigayo.

"Limenelo ndinkalizemba chifukwa cha msana wanu," anatero. "Pitani kumanja."

Ndiye tikulowa pamsika, anthu ali mbwee, iwo anandigwira m'chiuno. Inu mukudziwa, ine zaka zonse zija sindinawagwirepo m'chiuno panjinga. Ndinkagwira kaliyala, kuopa kuti anthu anena kuti mkazi wa alangizi alibe mwambo. Ngakhale pamabampu ndinkalimbana ndi chitsulo, munthu wanga ali pompo.

"Bambo a Ndaziona, anthu akutiona," ndinatero.

"Aone."

Sindinaime pamsika. Ndinapitirira, mazira osagulitsa, chifukwa sindinafune kuti dzanja lija lichoke. Tinadutsa sukulu, tinadutsa dambo, kasikuta kakuimba bwino ngati kale. Koma tikuyandikira mlatho ndinamva kumbuyo kukupepuka pang'onopang'ono, ndipo kasikuta kanayamba kuthamanga mopepuka ngati kanyamula munthu mmodzi.

"Mudakalipo?" ndinafunsa.

"Yang'anani kutsogolo, Nagama. Mukuyendetsa bwino."

Ndinafuna kusuzumira pagalasi, koma hutala inayamba kulira yokha, osaleka, kulira kwachilendo, kobwerezabwereza. Ndinatsegula maso. Inali foni pa mpando wa pambali pa bedi, kunja kutayera kale, nkhuku zikudandaula m'khola.

"Amama, mwadzuka bwanji?" anali Ndaziona. "Wogulitsa uja akudikira yankho."

"Umuuze asadikire," ndinatero. "Ukamabwera Loweruka ubwere ndi pulagi yatsopano, machubu awiri, ndi oyilo. Kasikuta sikachoka pano. Ndikwera komweka."

 Kenaka ndinamva akufwenthera.

"Amama, ine ndinagona ndikupemphera kuti mukane," anatero. "Ndinkaopa kukuuzani."

Tinakhala choncho, iye uko ine kuno, foni ili kukhutu, mpaka mayunitsi anamuthera.