Udzu wa NyaMsiska

Mukadzafika ku Wovwe n'kumva anthu akuitana munthu kuti "a Udzu", musatembenuke kufunafuna. Ndine. Dzinali sindinabadwe nalo, ndinaligwirira ntchito m'mawa umodzi wokha, ndi khasu.

Ndinachoka ku Karonga ndili ndi zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo moyo wanga wonse ndinathera ku Lilongwe, pa mpando wozungulira, kudinda mapepala. Ntchito itatha, tauni inandilavula ngati khoko la nzimbe. Ndinabwerera kwathu ndi masutikesi awiri, mimba, ndi Chitumbuka chongokwanira kupereka moni. Ankhazi, mlongo wa malemu bambo anga, ndiwo anandilandira. Anandipatsa chipinda, kenaka anandionetsa puloti ya mpunga ya bambo ku sikimu ya ulimi wothirira, yomwe anakhala akuisunga zaka zonsezi.

"Ndi yako iyi," anatero. "Koma manja akowa, mwana wane, akuoneka ngati a mwana wakhanda. Sabata yamawa tidzapita tonse kukachotsa udzu."

Mawu amenewo anandilasa. Ndinkadziwa kuti anthu akundiyang'ana ndi diso lakuti uyu sachedwa, abwerera. Ndinati ndiwaonetsa. M'mawa mwake tambala atangolira, ndinavala magambutsi atsopano (lisiti ili m'thumba), ndinasenza khasu, ulendo ndekha.

Puloti yanga inalibe udzu wambiri. Koma pangodya, kutsidya kwa kamzere ka dothi, panali kachigawo ka udzu wobiriwira bii, wothithikana ngati kapinga wa pa hotela. Ndinapukusa mutu. Anthu akumudzi ulesi, ndinatero mumtima, udzu mpaka kufika apa akungouyang'ana? Kuti kamzere kaja ndi malire, sindinadziwe. Ndinalowamo ndi khasu.

Ndinagwira ntchito, abale. Ndinazula, ndinagaula, ndinaunjika. Ndipo poti ndine munthu wophunzira, wodana ndi kuwononga zinthu, nditaona ng'ombe ziwiri zitamangidwa m'mbali mwa ngalande kudikira goli, ndinanyamula udzu wonse kukazipatsa. Zinadya mokondwa kwambiri (pamenepo ndiye ndikanakayika).

Ndikupukuta thukuta, ndinamva beseni likugwa kumbuyo kwanga. Anali NyaMsiska, mayi wamasiye wa puloti yoyandikana ndi yanga, yemwe dzulo lake anandibweretsera nthochi zondilandirira.

"Chiuta wane! Adada, mwachita vichi?"

"Musadandaule, mayi," ndinayankha monyadira. "Ngati pangodyapa ndi panu, ndakuchotserani udzu. Simulipira kanthu."

Anakhala pansi m'matope momwemo. Sanakuwe, sanatukwane. Anangoti, m'Chichewa chapang'onopang'ono kuti ndimve bwino: "Imeneyo ndi nazale yanga. Mbande za mpunga. Ndimati ndiwokere Lachisanu."

Ndinaika khasu pansi. Mbewu imeneyo inali yomaliza m'nyumba mwake. Ngakhale akanaipeza ina, kufesanso kukanamuchedwetsa mwezi wathunthu, anzake atawokera kale, madzi akugawidwa molingana ndi mpunga wa anzakewo. Ana ake atatu amadya ndi kuphunzira kuchokera pa puloti imeneyo. Ine ndinali nditadyetsa chaka chawo chonse kwa ng'ombe za eni, ndipo imodzi inali ikadatafuna, ikundiyang'ana.

Ndinabwerera kunyumba n'kuyamba kulongedza. Ku Lilongwe nkhani yotere imathera kupolisi, ndipo ndinkadikira zomwezo. Ankhazi anandipeza ndikukanikiza sutikesi ndi bondo.

"Ukupita kuti?"

"Ndachita manyazi, ankhazi."

"Manyazi amawokera mpunga? Bwezera malaya m'malo mwake. Lachisanu udzuke msanga."

Lachisanu nditafika ku sikimu, ndinapeza anthu ali kale pa puloti ya NyaMsiska. Aliyense anabwera ndi mitolo ya mbande kuchokera pa nazale yake: uyu iwiri, uyu itatu, mwini ng'ombe zija isanu (ati ng'ombe zake nazo zinali ndi mlandu). Palibe anandikalipira. Kundiseka ndiye anandiseka mpaka ena kugwira nthiti. Bambo wina anandiikira mbande kumaso: "A Udzu, ichi n'chiyani?" Ndikati mpunga, onse m'manja phwaphwaphwa ngati ndakhoza mayeso.

Anandiika pakati pa mzere, NyaMsiska kumanja kwanga. Ndi iye anandiphunzitsa kugwira mbande ndi zala zitatu, kuzimiza m'matope, kubwerera chammbuyo. Magambutsi anatsala m'thope, ndinamaliza wopanda nsapato ngati wina aliyense. Msana unandipweteka masiku anayi, koma ndinene zoona, chibadwire sindinakhalepo pakati pa anthu n'kumva kuti ndine wawo ngati tsiku limenelo. Ku Lilongwe ndinakhala zaka khumi ndi ziwiri pa nyumba imodzi osadziwa dzina la wa kuseri kwa mpanda.

Puloti ya NyaMsiska inacha mosiyanasiyana chaka chimenecho, pena msanga, pena mochedwa, chifukwa mbande zinali za mitundumitundu. Koma inacha. Atakolola anabwera kunyumba ndi beseni lomwe lija, lodzaza mpunga wopuntha kale, n'kuliika pamapazi panga.

"Adada, uwu ndi mpunga," anatero, nkhope ili phee. "Ng'ombe musazipatse."

Ndinawerama n'kunyamula beseni lija. Ndinangothokoza kuti yewo, kawiri.

Sutikesi ija ankhazi amasungiramo mbewu tsopano. Ine mpunga ndimaudziwa, ndikulumbira. Komabe mpaka lero ndikangotulukira ku sikimu ndi khasu paphewa, NyaMsiska amasiya chilichonse chomwe akuchita, n'kukaima pafupi ndi nazale yake, kenaka n'kundipatsa moni.