Chubu cha Che Saidi

Nkhani iyi ndikaikumbuka ndimafuna kudzifunditsa chitenje kumaso, koma poti ndinu anzanga, imvani mundiseke.

Boma litanditumiza kukaphunzitsa ku Chiponde kuchoka kwathu ku Ntcheu, ndinali mayi wamasiye wodzisunga. Njira ya kusukulu inkadutsa pamtengo wa mango pomwe Che Saidi, bambo ofatsa a chisoti choyera, ankakonzera njinga za kabaza.

M'mawa wina ndikudutsa ndinangomva, "Psiii!"

Mtima unawira. Kwathu amatero ndi anyamata a pa depoti akaona mtsikana. Ine Madamu wathunthu! Ndinapitirira khosi lili gwa.

Mawa lake, "Psiii!" Mkucha wake, "Psiii!" Ndikacheuka, iwo maso ali pa tayala. Ndinati bambowa ndi amanyazi eti.

Kunena zoona, mkwiyo sunachedwe kutha. Panali patapita zaka popanda munthu wondiitana, ngakhale mwachipongwe. Ndinafunsa mozungulira kwa mayi wogulitsa mandasi, ndipo anandiuza kuti akazi a Che Saidi anamwalira kalekale. Basitu ndinayamba kusita bulauzi mpaka m'makolala, pafyumu wa ku Mozambique fwaa! Tsiku lopanda psiii ana a Sitandade 5 ankaona zakuda.

Koma bambo aja osapitirira pa psiii. Temu yonse! Ndinatopa nazo, Loweruka lina ndinakaima pamaso pawo manja m'chiuno.

"Che Saidi, ine si mwana. Zondiitana ngati mphakazi zithe lero! Ngati muli ndi mawu, amalume anga alipo!"

Anyamata a kabaza amene ankadikira njinga zawo pamenepo anatchera khutu.

"Ine kukuitanani, Madamu? Walahi, sindinayambe!"

"Nanga psiii wa tsiku ndi tsiku uja?"

Anandiyang'ana, nayang'ana pansi. Kenako anatola chubu n'kumasula valavu.

Psiii!

"Ndimapopa kuti ndione pobooka, Madamu. Ndikapaona ndimaphwetsa kuti ndimate."

Kuseka kwake anyamata aja! Wina anagwa nayo njinga, wina mpaka misozi. Ine ndinangoti nthaka ng'ambika ndilowe. Pafyumu yense uja ndinkathirira chubu!

Ndinatembenuka kuti ndiliyatse liwiro, koma ndinamva mawu otsika kumbuyo kwanga.

"Madamu, pepani... amalumewo amakhala mbali iti ya Ntcheu?"

Lero machubuwo amaphwera pakhonde panga.

Amayi anzanga, chubu chikakuitanani musachinyoze, mwina chatumidwa.