Pulasitiki wa pa Denga Langa

Mukadzafika ku Misuku n'kuona nyumba ya malata obiriwira, denga lake lili mapindikemapindike ngati papita ng'ombe, musadzafunse anthu. Adzakuuzani zowonjezera. Bola ndikuuzeni ndekha, poti ng'ombe yakeyo ndine.

Zinayamba chaka chimene khofi anatikomera. Matipate anali atakhazikika kale, ndipo katundu wa ku Tunduma, ku Tanzania, ankalowa mosavuta. Ine ndi mayi akunyumba, a Namsukwa, tinagwirizana zosasula udzu n'kufolera malata. Komatu osati malata oyera aja amene aliyense ali nawo. Ndinkafuna opakidwa utoto kufakitale, amene kwathu kuno tinkangowaona pa kalendala. (Chifukwa china ndiulule: mpingo wathu unkafuna wapampando wa komiti yofolera tchalitchi, ndipo mpando umenewo ndinkaulota ngakhale masana.)

Kusankha kokha ndinasankha bwino, pamenepo musandinyoze. Wogulitsa malata ku Tunduma anandilandira ndi "Karibu mzee" wake, n'kunditulutsira geji 32, ati ndi yotchipa. Ine ndinali nditafunsiratu kuti pa malata nambala ikamakula lata limapyapyala. Ndinaligwedeza, linalira ngati chitini. Ndinati ayi, ndipatseni geji 28. Ndinatuluka mu sitolomo ndikudziona ngati injiniya.

Malatawo anabwera atakutidwa ndi kapulasitiki kopyapyala komatirira pamwamba pa utoto. Tsiku lokhoma, ndinangoona mmisiri wathu, fundi Sikwese, wagwira pakona ya lata akusenda.

"Fundi, mukutani?"

"Adada, ichi timachotsa. Ntchito yake n'kuteteza utoto panjira basi. Chikapsa ndi dzuwa chimakakamira, simudzachichotsanso."

Ndinaseka kuseka kwa munthu wodziwa zinthu. Ndinamuuza kuti sofa yanga ili m'pulasitiki wake chaka chachisanu, ndipo ikadali ngati yogula dzulo. Chishalo cha njinga chimodzimodzi. Wailesi ndiye musanene. Kwathu kuno chinthu chatsopano sitichivula. Nanga mzungu amene anaika pulasitikiyo kufakitale anali wopusa?

"Sofa sikhala padzuwa, adada."

"Fundi, inu khomani. Zoganiza mundisiyire."

Anandiyang'ana, n'kuyang'ana kumwamba. "Nyumba njanu. Yewo."

Miyezi yoyamba denga linkanyezimira mpaka kuonekera kutsidya kwa chigwa. Tikaweruka kutchalitchi ndinkaima pansi pa mtengo n'kumaphunzitsa anthu za mageji. Mpaka ndinaitana akuluakulu a mpingo kuti asanasankhe wapampando adzaone okha mmene munthu wozindikira amafolerera nyumba. Pakamwa pangapa ndi pamene panandipachika.

Kenako dzuwa la Okutobala linagwira ntchito yake. Pulasitiki uja anayamba kuyezuka, n'kuchita ming'alu. Mphepo ya kwathu, imene sidziwa ulemu, inamung'amba timizeretimizere tolendewera, tikumalira phepherephephere tsiku lonse. Mvula yoyamba italowa pansi pake, denga linachita mawangamawanga ngati nkhuku yothothoka nthenga. A Namsukwa ankangoti akatuluka m'nyumba n'kuyang'ana kudenga, amayamba kuimba kanyimbo ka chitsitsimutso.

Ndiye Lamulungu lina kunalengezedwa kuti akuluakulu adzafika kwathu Loweruka masana, chisankho chidzakhala mawa lake. Kuitana fundi Sikwese kukanakhala kuvomera kuti ankanena zoona, ndipo pamenepo mtima wanga unakana. Loweruka m'mawa, mayi atapita kuchigayo, mwana wanga wamwamuna ali kumunda wa khofi, ndinatenga makwerero n'kuvula nsapato kuti ndisaterereke. Ndinkati ola limodzi likwana.

Pulasitiki amene fundi ankasenda ndi zala ziwiri tsopano ankachoka tizidutswa tonga chikhadabo. Ndinatulutsa mpeni. Mpeni unachotsa pulasitiki, utoto, ndi kakhungu koteteza chitsulo komwe, n'kusiya mizere yowala. Ndinasunthira pena. Palibe anali atandiuza kuti padenga umaponda pa mzere wa misomali, pamene pansi pake pali thabwa. Ine ndinkaponda paliponse. Phwa! Ndikathawa apa, phwa! apo. Geji 28 ndi yolimba ndithu, koma sanaipangire mdikoni wodya bwino ngati ine.

Dzuwa linakwera, malata anayamba kundiwotcha kumapazi. Nditati nditsike ndikapume, mphepo inabwera, makwerero aja gwa! pansi.

Pakhomo ponse panali munthu mmodzi yekha: Nakayange, mkazi wa mwana wanga, amene kuno timati mkamwana. Tsono kwathu mkamwana ndi bambo a mwamuna wake sayang'anana, salankhulana, ngakhale dzina satchulana. Mukakumana panjira, iye amapatukira kutchire. Ndipo pamudzi ponse wolimbikira mwambo umenewu ndinali ine. (Ndinalalikirapo kuti matipate abweretsa ufulu woyang'ana apongozi m'maso.) Ndiye ndikanayamba bwanji kumuitana?

Ndinatsokomola. Zii. Ndinatsokomolanso mwamphamvu. Zii. Pansi pa nthochi panagona galu wathu. Ndinati basi, mkhalapakati ndi ameneyu.

"Iwe galu! Makwerero agwa!"

Kenako mawu aulemu anachokera kukhitchini.

"Iwe galu, uwauze kuti ndamva. Koma makwererowo agwera mbali imene iwo ali."

"Galu, uwauze kuti kuno kukutentha!"

Mwana wa eni ake uja anatuluka atadzifunditsa chitenje kumutu, akuyenda chafutambuyo. Anafufuza ndi phazi mpaka anawapeza makwerero, n'kuwadzutsa movutikira. Koma munthu wosaona kumene akupita angalunjike bwanji? Anawatsamiritsa pa nthochi.

"Galu, imeneyo ndi nthochi!"

Anawasuntha, n'kuwatsamiritsa pa nkhokwe.

"Galu, nkhokwe! Nyumba ili kuno!"

Galu uja, poona kuti akungokalipiridwa osadziwa mlandu wake, anadzuka n'kuthawira kumunda. Tinatsala awiri opanda womasulira. Ndinavula malaya n'kukhalira, miyendo m'mwamba kuthawa moto. Kunena zoona, misozi inalengeza. Pansipo ndinkamva kamawu kobanika m'chitenje, ndipo mpaka lero sindidziwa ngati mkamwana ankalira kapena ankaseka.

"Odi kuno! Mwaghona!"

Akuluakulu asanu, majekete ndi Mabaibulo m'manja, anali atafika nthawi isanakwane. Kutsogolo kunali a Silungwe, amene ndinkapikisana nawo pa mpando uja. Kumbuyo, poti anamutenga kuti awathandize kuona bwino, kunali fundi Sikwese.

Anapeza mkamwana wofunda kumutu atakumbatira makwerero pakati pa bwalo. Anakweza maso n'kupeza mdikoni wawo ali chifuwa pamtunda, mpeni m'manja, timapulasitiki titamatirira m'tsitsi, akuitana galu amene panalibe.

"Ndagha, ndagha," ndinayankha moni wawo ndili pomwepo. "Khalani pansi, ndikungoyendera denga."

Palibe anakhala. Fundi anapita kwa Nakayange, n'kulandira makwerero ndi manja awiri, n'kuwaimika pamalo pake. Akanandinyoza bwenzi zili bwino. Iye anangoti mofatsa, "Adada, pondani pa misomali." Ndinaponda pa misomali, ndipo denga silinalire ngakhale kamodzi. Potsika, mphepete mwa lata munakola thalauza kumbuyo, kwee! Mkamwana atamva kulira kwa nsaluko anathamanga ulendo umodzi mpaka kwa anthu oyandikana nawo.

A Silungwe anazungulira nyumba yonse manja ali kumbuyo. Anayang'ana mapindike, anayang'ana mizere ya mpeni. Kenako anandigwira chanza mwaulemu kwambiri.

"A dikoni, munatiitana kuti tidzaphunzire. Taphunzira."

Mawa lake ndinapeza mavoti awiri. Imodzi inali yanga. Inayo inali ya mkulu wina wovutika kumva, amene pambuyo pake anadzandipepesa. Mpando unapita kwa a Silungwe, ndipo zinandiwawa kwambiri, sindibisa. Mvula ya chaka chimenecho inamaliza nkhani: monse mmene ndinadutsitsa mpeni munatuluka dzimbiri, ndipo m'mapindike muja madzi amadikha mpaka lero.

Tchalitchi tinafolera chaka chotsatira, malata obiriwira a geji 28, monga ndinkanenera ine (zimenezi palibe amazikumbukira). Lata lililonse lisanakwere, fundi ankalisenda lili pansi. Pulasitiki ankachoka wathunthu, wofewa, woyera bwino, n'kumaunjikidwa pambali kuti akatenthedwe. Ndinaima pamenepo nthawi yaitali ndikulimbana ndi mtima wanga. Anthu atapita kukadya, ndinadzaza matumba awiri n'kumangirira panjinga.

A Namsukwa anandichingamira pakhomo, n'kusuzumira m'thumba.

"Bambo, mwayambanso?"

"Mayi, watsopanotu uyu. Angatenthe bwanji chinthu chatsopano?"

Ntchito yake sindinaipezebe, koma ndamusunga pabwino, posafika dzuwa.